Mbatatesi ya pakhomo ku Ireland: amalima bwanji pa nthaka yonyowa chonchija?

Bambo a Chisomo (Bembeke):
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa abale athu amene muli ku Ireland. Kuno ku Dedza kachewere ndiye ndalama yathu, koma chaka chino chiwawu chatipweteka kwambiri. Mvula ya mswera ija yosapumira inangotha masiku ochepa, munda wonse unada bii ngati wapsa. Ndimamva kuti kumeneko mvula imagwa pafupifupi chaka chonse ndipo dzuwa ndi losowa. Nanga alimi ang'onoang'ono, osati a mathirakitala akuluakulu, amalima bwanji mbatatesi osaola? Amene munaona ndi maso tifotokozereni.

Nangozo (Mayo):
Pepani bambo ndi za munda. Ine ndinakwatiwa kuno kumadzulo kwa Ireland, dera la Mayo, kufupi ndi nyanja ya mchere. Apongozi anga aamuna ndi mlimi wachikale: ng'ombe zochepa, nkhosa kuphiri, ndi kamunda ka mbatatesi kuseri kwa nyumba kodyetsa banja lokha. Pa kamunda kameneka thirakitala salowetsapo. Amalima mmene ankalimira bambo awo, pa mizere ikuluikulu imene m'mabuku amaitcha lazy beds.

Amachita chonchi. Sapita pa malo olimidwa kale, amasankha tsala la udzu pamene pakhala pakudya nkhosa. Udzuwo sasosa, saotcha. Amakoka chingwe kulemba mzere wotambalala pafupifupi mita imodzi, n'kumwaza manyowa pamwamba pa udzu pomwepo. Kenako amatenga chokumbira chawo chotchedwa loy. Chimenechi si khasu, si fosholo. Chitsulo chake n'chachitali koma chochepa m'lifupi, mpini ndi wolemera, ndipo popondera phazi pali mbali imodzi yokha. Amadula chibuma cha udzu pambali pa mzere, koma mbali yoyandikira mzerewo amaisiya yosadula. Akatsamira pa mpini, chibuma chija chimapindikira pamwamba pa manyowa monga chimatsekera chitseko, udzu pansi, dothi pamwamba. Atero mbali ino, atero mbali inayo, zibuma zikumana pakati. Pamene achotsa zibuma pamatsala ngalande.

Ndiye taonani zimene zachitika. Mbewu yakhala pamtunda, madzi akutsikira m'ngalande. Udzu wokwiriridwa uja ukuola n'kudyetsa mbewu. Dothi lomwe linali losaya lawirikiza kawiri. Nthaka ya kuno kumadzulo ndi yosaya, pansi pake pali miyala kapena dothi lakuda lonyowa, ndiye njira imeneyi ndi imene inawapatsa anthu chakudya pa malo amene pulawo singalowe.

Mlangizi wopuma (Ntcheu):
Mwafotokoza bwino achemwali. Ndifunseko: pa malo otsetsereka mizereyo imayang'ana kuti? Imapingasa phiri kapena imatsika nalo?

Nangozo (Mayo):
Imatsika nalo, bambo. Kuchokera kumtunda kulunjika kumunsi.

Mlangizi wopuma (Ntcheu):
Apa ndiye alimi anzanga mumvetsetse musanatengere. Ife tinakalambira kuphunzitsa akalozera ndi mizere yopingasa, chifukwa mvula yathu imagwa yamphamvu kanthawi kochepa, ndipo ikapeza mzere wotsika phiri imakokolola nthaka yonse kupita nayo kudambo. Vuto lathu ndi kusunga madzi ndi nthaka. Vuto la anzathuwa ndi kuthamangitsa madzi. Munthu wa ku Tsangano akalima motsika phiri chifukwa wamva kuti ku Ireland amatero, zaka zochepa munda usanduka zigwembe.

Nangozo (Mayo):
Zoona zimenezo. Mvula ya kuno kawirikawiri ndi yowaza, yofatsa, koma yosatha. Komanso m'mbali mwa mzere muja udzu sunaduke, mizu yake imagwirabe dothi. Kwathu ku Kasungu sindingayerekeze kulima motero.

Tiyamike (Galway):
Ndiwonjezereko za manyowa. Kuno ku Connemara ndi ku zilumba za Aran ankadalira kwambiri udzu wa m'nyanja, seaweed uja. Mphepo yamkuntho ikaomba nyengo yozizira, udzuwo umadzaza m'mphepete mwa nyanja, anthu ankautuma m'madengu pamsana kapena pa bulu. Ku Aran kumene pansi ndi thanthwe lokhalokha, dothi la minda ina analipanga okha posanjikiza mchenga ndi udzu wa m'nyanja pamwamba pa mwala. Mukaona timinda tozunguliridwa ndi mipanda ya miyala kumeneko, dziwani kuti dothi lina m'menemo linabwera pamsana pa munthu.

Nangozo (Mayo):
Apongozi amautolabe mpaka lero, Tiyamike. Amaumwaza nthawi yozizira kuti mvula ichotse mchere, pofika nthawi yobzala ukhala utafewa. Amati mbatatesi ya pa udzu wa m'nyanja imatuluka yakhungu loyera bwino. Amaphatikiza ndi ndowe za m'khola momwe ng'ombe zagonamo nyengo yonse yozizira.

Bambo a Chisomo (Bembeke):
Nanga mbewu amaikonza bwanji, ndipo amabzala liti?

Nangozo (Mayo):
Mbewu amaiyala m'mabokosi osaya kuyambira chakumayambiriro kwa chaka, pamalo owala koma osafika chisanu, kuti iphuke timphukira tatifupi tolimba. Zoyambirira kucha amafuna zikhale m'nthaka pofika tsiku la St Patrick, pa 17 March. Zina amabzala mu April, ndipo okalamba ambiri amakonda Lachisanu Loyera. Mbatatesi yaikulu amaidula, chidutswa chilichonse chikhale ndi diso. Kale imeneyi inali ntchito ya amayi, atakhala pafupi ndi moto ndi mpeni.

Pobzala pali njira ziwiri. Ena amayala mbewu pa manyowa asanapinde zibuma. Ena amapinda kaye, kenako n'kuboola ndi mtengo wosongoka, mwana akubwera pambuyo kuponya mbewu m'dzenje. Zikangotuluka, amatapa dothi m'ngalande ndi fosholo n'kukwirira timasamba tija. Izi zimateteza ku chisanu cha mu May chomwe chimatha kuotcha munda usiku umodzi. Pakapita masabata angapo amabandiranso kachiwiri. Ngalande imanka nizama, mzere umanka nukwera, ndipo mbatatesi sizionekera kunja kuti zibiriwire.

Jere (Johannesburg):
Koma si anthu omwewa amene anafa ndi njala chifukwa cha mbatatesi? Tiphunzirenji kwa anthu amene ulimi wawo unawapha?

aPhiri (Dublin):
Achimwene aJere, nkhani imeneyo kuno ndi yolemera, tiyeni tiigwire bwino. Chiwawu chinafika ku Ireland mu September 1845, kuchokera ku America kudzera ku Ulaya. Nthawi imeneyo chilumbachi chinali ndi anthu oposa 8 miliyoni, ndipo pafupifupi 3 miliyoni ankadya mbatatesi yokhayokha, m'mawa, masana, madzulo, ndi mkaka wonga chambiko ngati ulipo. Mwamuna wogwira ntchito ankatha makilogalamu 6 patsiku. Mbatatesi inali pa maekala oposa 2 miliyoni. Mu 1845 inaonongeka mbali ina, mu 1846 inaola pafupifupi yonse, mu 1847 mbewu yobzala inasowa, mu 1848 chiwawu chinabweranso. Pofika 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atafa ndi njala ndi matenda, oposa miliyoni anathawira ku America, Canada ndi Britain. Mpaka lero chiwerengero cha anthu pachilumbachi sichinabwerere pa cha 1841.

Koma kunena kuti ulimi wawo unawapha si chilungamo. Mizere ija siinalakwe. Ekala imodzi yolimidwa ndi loy inkadyetsa banja lonse ndi nkhumba yomwe. Chimene chinalakwa n'choti nthaka sinali yawo. Eni malo, ambiri a iwo okhala ku England, ankafuna lendi. Tirigu, oats (mbewu yonga tirigu), nkhumba, batala, zonsezo anthu ankalima ndi kuweta, koma zinkagulitsidwa kuti alipire lendi. Banja linkatsala ndi mbatatesi basi. M'zaka za njalazo zombo zinkanyamukabe pa madoko a Ireland ndi chakudya. Olephera lendi ankathamangitsidwa, denga n'kugwetsedwa. Amene munamva kwa agogo za thangata pa maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje mukudziwa tanthauzo la kulima pa nthaka ya mwini.

Jere (Johannesburg):
Ndamva aPhiri, sindimanyoza akufa. Koma mfundo yanga ikadalipo. Kudalira mbewu imodzi ndi ngozi, ndipo ife ndi chimanga tikuchita zomwezo. 1949 ndi 2002 tinaziona.

Mlangizi wopuma (Ntcheu):
Nonse awiri muli ndi mbali ya choonadi, koma pali china chachitatu. Sinali mbewu imodzi chabe, unali mtundu umodzi wa mbewuyo. Osauka ambiri kumadzulo ankabzala mtundu wotchedwa Lumper chifukwa unkabereka kwambiri pa nthaka yoguga. Mbatatesi timabzala kuchokera ku mbatatesi inzake, osati njere, ndiye munda wonse umakhala ngati chomera chimodzi chogawidwagawidwa. Matenda akaugonjetsa umodzi agonjetsa wonse, mudzi wonse, chigawo chonse. Ku mapiri a Andes kumene mbatatesi inachokera, mlimi mmodzi amasakaniza mitundu yambirimbiri m'munda umodzi. Ife kuno tikangokonda Rosita kapena Violet aliyense amathamangira yomweyo, n'kumabwereza mbewu yake chaka ndi chaka mpaka itatopa. Pamenepo ndiye pondidetsa nkhawa ine.

aPhiri (Dublin):
Ndipo chinthu chimene Amalawi ambiri sadziwa: chakudya cha thandizo chimene boma la Britain pansi pa Robert Peel linagula ku America kumapeto kwa 1845 chinali chimanga. Anagula cha ndalama zokwana mapaundi 100,000. Anthu ambiri a kuno anali asanachionepo. Zigayo zawo zinali za tirigu ndi oats, chimanga cholimba chija sichinkaperereka bwino, ndipo kaphikidwe kake sankakadziwa. Ambiri chinawapweteka m'mimba, makamaka ana ndi ofooka kale. M'nyumba zambiri za osauka munalibe chiwiya china koma mphika umodzi wowiritsira mbatatesi.

Mukadzapita ku chilumba cha Achill, m'munsi mwa phiri la Slievemore muli mudzi wamabwinja, nyumba zamiyala zopanda madenga. Mizere ya mbatatesi ikuonekabe pansi pa udzu, makamaka dzuwa likapendeka. Ku Mayo ndi ku Connemara mizere yotere imakwera mpaka pamwamba m'mapiri pamene lero pamangodya nkhosa.

Bambo a Chisomo (Bembeke):
Zomvetsa chisoni ndithu. Koma tibwerere ku funso langa. Chiwawu chimenecho chilipobe? Agogo akumeneko amalimbana nacho bwanji?

Nangozo (Mayo):
Chilipo, bambo, chaka chilichonse. Apongozi akaona kunja kwafunda, kwachita chinyezi ndi nkhungu, mphepo yaima, amasowa mtendere. A zanyengo a kuno, Met Éireann, amalengeza pa wayilesi ndi pa TV kuti masiku akubwerawa ndi a chiwawu, poperani. Amayang'ana ngati kutentha sikukutsika pa madigiri 10 ndipo chinyezi chili pafupifupi 90 peresenti kwa maola ambiri motsatizana. Njira yowerengera imeneyi anaikonza katswiri wawo wa zanyengo, Austin Bourke, m'zaka za m'ma 1950. Chilengezo chikamveka pa nkhani za madzulo, m'mawa mwake mupeza nkhalamba zili ndi sipuleya pamsana.

Mankhwala achikale ndi bluestone, timiyala tabuluu ta kopa, kusakaniza ndi washing soda, soda wochapira. Mulingo umene apongozi anauloweza kuyambira ali mnyamata ndi mapaundi 8 a bluestone, mapaundi 10 a washing soda, magaloni 40 a madzi. Chilichonse amasungunula pachokha asanaphatikize, ndipo mgolo uyenera kukhala wa mtengo kapena wa pulasitiki chifukwa kopa amadya chitsulo. Akapopera, masamba onse amasanduka abuluu, manja ndi malaya zomwe. Amapopera pansi pa masamba ndithu, osati pamwamba pokha, ndipo amabwereza pakatha masiku 10 kapena masabata awiri, mvula ikachuluka amafupikitsa.

Chachikulu chimene amanena n'chakuti mankhwalawa ndi chishango, si ochiza. Ukadikira kuona madontho akuda ndiye wachedwa.

Mlangizi wopuma (Ntcheu):
Mawu omaliza awo ndi amene ndakhala ndikulalikira. Alimi athu ambiri amagula Dithane ataona kale kuti masamba akuda. Dithane nayenso ndi woteteza. Uyambe masamba asanakumane pakati pa mizere, nyengo ya mitambo isanakhazikike.

Tiyamike (Galway):
Dithane uja kuno anasiya. Mancozeb, mankhwala amene ali m'kati mwake, mayiko a European Union anawachotsa pa msika kuyambira 2021. Alimi akuluakulu a kuno anadandaula kwambiri.

Nangozo (Mayo):
Palinso china chosafuna ndalama chimene ndinachiona kuno. Chiwawu chikagwira masamba mbatatesi zitakula kale pansi, apongozi salimbana nacho. Amatenga chikwakwa n'kumweta mitengo yonse pansi penipeni, kuitutira kunja kwa munda. Kenako sakumba msanga, amadikira masabata awiri kapena atatu. Matendawa amatsika kuchokera pa masamba ndi madzi a mvula kukalowa m'nthaka, ndiye ukachotsa masamba wapulumutsa za pansi. Kudikirako kumathandiza kuti khungu likhwime komanso kuti tizilombo totsala pamwamba pa dothi tife tisanakhudze mbatatesi pokumba. Mbatatesi zoola sazitaya pambali pa munda, ndipo zomera zokha m'munda wa chaka chatha amazizula zikangotuluka, chifukwa m'menemo ndi m'mene chiwawu chimagonamo kudikira chaka chinacho. Komanso sabwereza malo. Pamene pachoka mbatatesi kale pankalowa oats, kenako pabwerere udzu.

Bambo a Chisomo (Bembeke):
Zomweta mitengozo zandikhudza. Ine ndinathamangira kukumba masamba akadali pomwepo, ndipo zambiri zinaolera m'matumba.

Mayi a Dalitso (Lizulu):
Ine ndi wa pamsika, ndifunse za kusunga. Kuno ikachuluka timagulitsa motaya chifukwa siichedwa kuphuka ndi kuola. Iwo amasunga bwanji mpaka chaka chinacho?

Nangozo (Mayo):
Mayi, nyengo imawathandiza, chifukwa amakumba mu October kuzizira kukuyamba. Amasunga mu nkhuti. Amasankha malo okwera osadikha madzi, amapala pang'ono, n'kuunjika mbatatesi mulu wautali wosongoka pamwamba. Amafunditsa mapesi a oats kapena mlulu wouma wochindikala, pamwamba pake dothi, n'kulisalaza ndi kumbuyo kwa fosholo kuti mvula izitsetsereka. Mozungulira amakumba kangalande. Akafuna zodya amatsegula kumapeto kumodzi, atapa za sabata, atsekanso. Adani ndi awiri, chisanu ndi makoswe. Posankha amapatula patatu: zazikulu zodya, zapakati zonga dzira za mbewu, ting'onoting'ono ndi zotemeka amawiritsira nkhuku, kale zinali za nkhumba.

Tsiku lokumba kale linali la dima. Anansi ankabwera kuthandizana, lero kwa uyu, mawa kwa uje, iwo amati meitheal, ndipo ana ankajomba kusukulu kukatola. Masiku ano timatola ndi ife a pabanja, zala zitauma ndi kuzizira.

Mlangizi wopuma (Ntcheu):
Nkhuti ya dothi kuno kwathu kotentha, makamaka yokolola nthawi ya mvula, ingaphike mbatatesi. Ya mbewu ndi bwino kuiyala pa mathandala m'kanyumba kolowa mphepo ndi kuwala pang'ono. Pamenepa mabokosi a apongozi a achemwali aja ndi amene tingatengere.

Mayi a Dalitso (Lizulu):
Nanga mitundu yoyenda malonda kumeneko ndi iti? Kuno a tchipisi amafuna zikuluzikulu basi.

Tiyamike (Galway):
Mayi, anthu a kuno amafuna mbatatesi yaufa. Amaiwiritsa ndi khungu lomwe, ikapsa khungu ling'ambike, ufa woyera uonekere. Yamadzimadzi saifuna, amati ili ngati sopo. M'masitolo yochuluka ndi Rooster, yofiira khungu, imene inapangidwa konkuno ku malo a kafukufuku a Oak Park ku Carlow, ntchito ya Harry Kehoe, ndipo inatuluka mu 1991. Yoposa theka ya mbatatesi yolimidwa m'dziko muno tsopano ndi imeneyo. Koma okalamba mtima wawo uli pa Kerr's Pink ndi Golden Wonder, zomwe zinachokera ku Scotland zaka zoposa 100 zapitazo. Nyengo yotentha kumabwera British Queen, iwo amangoti Queens, ndipo m'misewu mumadzaza zikwangwani za mbatatesi zatsopano za ku Wexford. Za tchipisi za m'mashopu zambiri zimachokera ku England.

Nangozo (Mayo):
Kwathu kuno ndi Home Guard zoyambirira, Queens pakati, Kerr's Pink za m'nkhuti. Mitundu itatu pa kamunda kamodzi. Apongozi aakazi akaphika amakhuthulira zonse m'mbale yaikulu pakati pa tebulo, aliyense asenda yake, batala ndi mchere. Amapanganso boxty, zitumbuwa za mbatatesi yaiwisi yopala yosakaniza ndi ufa, ndi colcannon, yophwanya pamodzi ndi kabichi, makamaka pa Halloween.

aPhiri (Dublin):
Koma tinene zoona, achemwali, apongozi anuwo atsala ochepa. Mbatatesi ya m'dziko muno lero ili pa mahekitala pafupifupi 8,000 kapena 9,000 okha, ndipo yambiri ili m'manja mwa alimi akuluakulu a ku Meath, Dublin, Louth, Wexford, Cork ndi Donegal, a makina ndi nyumba zoziziritsira. Thumba la m'sitolo ndi lotchipa kuposa thukuta la loy. Loy ambiri amaiona ku nyumba yosungira zakale ya Turlough Park ku Castlebar, kapena pa mpikisano wa National Ploughing Championships mu September, kumene amapikisanabe kupinda zibuma.

Ndipo tisaukometse kwambiri moyo wakalewo. Timinda timeneti sitinkakwanitsa ndalama. Achinyamata a ku Mayo ndi Donegal ankapita ku Scotland chaka chilichonse kukakumba mbatatesi za eni, kugona m'mashedi. Mu 1937 anyamata 10 a ku Achill anapsa m'shedi yotere ku Kirkintilloch.

Nangozo (Mayo):
Sindikukana aPhiri. Msana wa apongozi ndi umboni. Koma chimene chimandipweteka ine n'chakuti nzeru imeneyi ikupita ndi eni ake. Kudziwa kuti chibuma chidulidwe mozama bwanji kuti chisathyoke popinda, kununkhiza mphepo n'kudziwa kuti chiwawu chayandikira, zimenezo sizili m'buku. Amuna anga amadziwa pang'ono, alamu anga ali ku Australia. Mwana wanga wamkulu ndi amene tsopano amayenda pambuyo pa agogo ake ndi ndowa ya mbewu, ndipo chaka chino anamupatsa mzere wakewake kuti apinde yekha. Unatuluka wokhota, agogo sanaukonze, anangomuonetsa pamene phazi linaterereka.

Bambo a Chisomo (Bembeke):
Zikomo nonse. Kudimba kwanga kumunsi kuli malo amene madzi amadikha, ndiyesa mizere yotambalala ya ngalande zakuya kumeneko, kumtunda ndisiya yopingasa monga anenera alangizi. Funso lomaliza: zodula mbewu zija nditengere? Mbewu yakwera mtengo, kudula kungandichulukitsire.

Mlangizi wopuma (Ntcheu):
Musadule, bambo. Kwathu kuno kuli matenda ofwetsa aja, amene mtengo umangofota uli wobiriwira ndipo mbatatesi ukaidula imatuluka mafinya mozungulira. Amayenda ndi mpeni kuchoka pa mbatatesi yodwala kupita pa zabwino zonse, ndipo akalowa m'nthaka amakhalamo zaka. Nthaka yathu yofunda imaoletsanso chidutswa msanga. Sankhani zathunthu zonga dzira la nkhuku, kuchokera pa mitengo imene munaiika chizindikiro ili yathanzi m'munda, osati zotsala pa msika.

Nangozo (Mayo):
Ndawafunsa apongozi pompano. Akuti nawonso zonga dzira sadula, amadula zikuluzikulu zokha mbewu ikachepa, ndipo zodulazo amaziwaza laimu n'kuzisiya ziume bala zisanalowe m'nthaka. Atamva za matenda ofwetsawo akuti mumvere alangizi. Akufunsanso ngati ku Bembeke mumabzala kangati pachaka, chifukwa ndawauza kuti kwathu ena amakolola ya mvula ndi ya kudimba, ndipo sakukhulupirira.

Bambo a Chisomo (Bembeke):
Auzeni kuti kawiri, ndipo amene ali ndi madzi othirira amafika katatu. Ndijambula munda wa kudimba ukamera, muwaonetse.